Mdulidwe wa abambo akuluakulu: bala likamapola, ana adya chiyani?

Alamu anga, amene adakwatira mlongo wanga wamng'ono, amapalasa njinga ya kabaza pa Lunzu. Ali ndi zaka 37 ndi ana anayi. Madzulo ena tili pakhonde, pawailesi padamveka uthenga wolimbikitsa abambo kukachita mdulidwe wa kuchipatala, ndipo ine ndidawafunsa mosapita m'mbali ngati adapitako. Sadakwiye, sadachitenso manyazi. Adatsitsa wailesi ija n'kunena kuti: "Alamu, zonse akunenazi ndimazidziwa. Ndi zaulere, amabaya jekeseni ya dzanzi, pakatha mphindi 30 watuluka, ndipo akuti zimachepetsa mpata wotenga kachilombo. Sindikutsutsa ayi. Koma tandiuzani, ndikakhala sabata yathunthu osakwera chishalo, ufa m'nyumba muno ubwera ndi ndani? Nanga alongo anuwa ndiwauza kuti ndikupitira chiyani, ine munthu woti ndatha zaka 12 pabanja?"

Ndidasowa choyankha. Mpaka lero ndimaona kuti mafunso awiriwa ndi amene ntchito ya mdulidwe m'dziko muno yakhala ikuwalambalala. Kwa zaka zoposa 10 takhala tikulankhula ndi bambo wamkulu ngati kuti chomuvuta ndi umbuli. Tamuimbira nyimbo pa zimkuzamawu, tamugawira timapepala, tamukhomera zikwangwani m'misewu. Uthengawo bamboyo adaumva kalekale. Chomwe chimamugwira mwendo n'chakuti phindu la mdulidwe lili kutsogolo ndipo silioneka ndi maso, pamene mtengo wake amaulipira lero lino: ndi thupi lake, ndi thumba lake, ndi mtendere wa kuchipinda kwake. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Munthu amene amadya zomwe wapeza tsiku lomwelo sitingamuweruze chifukwa chowerengera motero.

Ine ndili kumbali ya mdulidwe, ndipo sindidafikepo chifukwa cha mphekesera. Mu 2005 padatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Orange Farm, kufupi ndi Johannesburg, kumene anyamata oposa 3,000 adagawidwa pawiri mwamaere: ena adadulidwa nthawi yomweyo, ena adauzidwa kuti adikire. Atawatsatira adapeza kuti mwa odulidwa aja, otenga kachilombo adachepa ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse. Kafukufuku wofanana naye adachitika ku Kisumu m'dziko la Kenya ndi ku Rakai m'dziko la Uganda, ndipo onse awiri adaimitsidwa mu Disembala 2006 nthawi yake isanakwane, chifukwa zotsatira zidaonekeratu moti kukadakhala kulakwira anthu kupitiriza kuwadikiritsa enawo. Mu Malichi 2007 mabungwe a WHO ndi UNAIDS adalengeza kuti mdulidwe ukhale imodzi mwa njira zopewera HIV m'maiko amene kachilomboka kadafala koma abambo odulidwa ndi ochepa. Dziko lathu lidali m'gulu la maiko amenewo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mkati mwa khungu lakunsonga ndi mofewa ndi monyowa, mumachita timing'alu tosaoneka pa nthawi yogonana, ndipo muli maselo ambiri amene kachilombo ka HIV kamalowerapo. Khungulo likachoka lonse, khomo lalikulu latsekeka. Makomo ena amatsalabe, n'chifukwa chake wachipatala woona mtima sangauze munthu kuti akadulidwa ataye kondomu.

Ife tidayamba mochedwa, ndiponso mwamphwayi. Mu 2010, anzathu a ku Kenya ali kale pakalapakala ndi ntchitoyi, akuluakulu ena a boma lathu ankanenabe poyera kuti sakuona umboni wokwanira, poti maboma a kummwera kumene kuli jando ndi komwenso kachilombo kadafala kwambiri. Mawu amenewo adamera mizu. Mpaka lero mukakhala pa bawo mumva wina akuti, "Ngati zimateteza, nanga ku Mangochi anthu akudwaliranji?" Funsoli si lopusa, ndipo limafuna yankho lofatsa. Kummwera kachilombo kadafala pa zifukwa zambiri: kuli mizinda, misewu ikuluikulu ya malonda, minda ya tiyi ndi ya nzimbe yosonkhanitsa amuna osiya mabanja kumudzi, ndi madoko a usodzi kumene ndalama ya usipa imabwera m'mawa n'kutha usiku. Komanso ku jando si nthawi zonse ngaliba amachotsa khungu lonse. Ena amangodula kansonga, mbali yofewa ija n'kutsala. Kale lumo limodzi linkayenda pa anyamata ambiri, ndipo mwambo wa kusasa fumbi unkawakankhira kwa akazi akangotuluka kusimba. Kuyerekeza boma ili ndi boma lija sikungafafanize zimene kafukufuku wogawa anthu mwamaere adapeza katatu m'maiko atatu osiyana. Koma pamene boma linkavomereza ntchitoyi mu 2011, chikayiko chija chinali chitakhala kale pampando, ndipo sitidachitepo khama lokwanira kuchizula.

Ziwerengero zikuchitira umboni. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2010 adapeza kuti abambo odulidwa m'dziko muno adali pafupifupi 22 pa 100 alionse. Wa 2015 mpaka 2016 adapeza 28, kuphatikizapo onse a ku jando. Cholinga chidali 80.

Pali kafukufuku wina amene aliyense wogwira ntchitoyi adayenera kumuloweza pamtima. Jobiba Chinkhumba, Susan Godlonton ndi Rebecca Thornton adatenga abambo osadulidwa pafupifupi 1,600 mumzinda wa Lilongwe, n'kuwapatsa makuponi ochotsera mtengo wa mdulidwe, ena n'kuwafotokozeranso mwatsatanetsatane za ubwino wake. Zotsatira zidatuluka mu 2014. Pa miyezi itatu, amene adapita kukadulidwa adali 3 okha pa 100 alionse. Mtengo ukatsika opita ankachulukirako pang'ono, uthenga unkathandizako pang'ono, koma chipupa chenicheni sichidagwedezeke. Ofufuzawo adati chidali chikhalidwe ndi kuopa ululu. Amenewa adali abambo a m'tauni, okhala pafupi ndi chipatala, omvera wailesi tsiku ndi tsiku. Ngati uthenga ukadakhala ndiwo mankhwala, akadapita mazanamazana.

Abambo atakana kubwera, ntchito idatembenukira kumene ziwerengero zinali zosavuta kupeza: kusukulu. Pa holide magalimoto ankadzaza anyamata a zaka 10 mpaka 14, ndipo malipoti opita kwa opereka thandizo ankaoneka bwino. Sindikunena kuti anawo sadapindule. Chitetezo adachitenga ndipo chidzawathandiza akadzakula. Koma amene ankatenga kachilombo chaka chimenecho sadali mwana wa sitandade 5. Adali bambo wa zaka 28, wa zaka 35, wokhala ndi kandalama m'thumba ndi ulendo wa kutali. Kenaka mu 2020 bungwe la WHO lidalangiza kuti ntchitoyi iziyambira zaka 15, ndipo PEPFAR, thumba la boma la America limene linkalipira gawo lalikulu la ntchitoyi, idaleka kulipirira ana ochepera pamenepo, chifukwa zidapezeka kuti ngozi zovulaza mutu wa chida ndi njira ya mkodzo zimachuluka pa ana osakhwima. Pamenepo zidaonekera poyera kuti njira yofikira bambo wamkulu sitidailambule nkomwe. Choipa china n'chakuti tenti ya mdulidwe inali itadziwika kale kuti ndi malo a ana. Alamu anga adazinena bwino: "Ndikakhale pamzere umodzi ndi mnzake wa mwana wanga, mawa adzandilozere kusukulu?" Kwathu kuno mwamuna wamkulu savula pamene pali ana, ndipo chipatala chimene sichidziwa zimenezi chikuthamangitsa yemwe chikumufunayo.

Tsono tibwere ku funso la ufa lija, chifukwa ndi limene limandiwawa kwambiri. Timati mdulidwe ndi waulere. Ndi waulere kwa mphunzitsi, kwa kalaliki wa m'boma, kwa wogwira ntchito kubanki, amene dokotala akamulembera kalata amagona kunyumba malipiro ake osachoka ngakhale tambala. Kwa wakabaza, kwa msodzi wopalasa bwato, kwa woumba njerwa, kwa wonyamula matumba pamsika, kwa mlimi wothirira dimba ndi khasu ndi chidebe, si waulere ngakhale pang'ono. Wogwira ntchito yokhala pampando atha kubwerera pakapita masiku awiri kapena atatu. Wogwira ntchito yamphamvu, makamaka yokhala pachishalo, amafunika sabata kapena kupitirira. Onjezanipo ulendo wobwerera kuchipatala kukachotsa bandeji tsiku lachiwiri, ndi winanso patatha sabata. Ngati njinga ndi yabwana, mwini wake sadikira. Aipereka kwa mnyamata wina. Munthuyo pobwerera wapeza malo ake atatengedwa.

Ku Kenya adayesa kuyankha funso limeneli mwachindunji. M'chigawo cha Nyanza adatenga abambo a zaka 25 mpaka 49, ena n'kuwalonjeza makuponi ogulira chakudya akakadulidwa, monga chipepeso cha masiku otayika ndi ndalama yoyendera. Zotsatira zidatuluka mu 2014. Mwa amene sadalonjezedwe kanthu, opita pa miyezi iwiri sadafike 2 pa 100 alionse. Mwa amene adalonjezedwa makuponi a ndalama zokwana madola 15 a ku America, opita adali 9 pa 100. Wina anganene kuti 9 ndi ochepabe, ndipo n'zoona. Koma ndi kuwirikiza kasanu, pa abambo a msinkhu umene nyimbo ndi zikwangwani zidalephera kuusuntha, ndiponso pa ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wa mdulidwe weniweniwo.

Ndikudziwa kuti pali anthu oganiza bwino amene zimenezi sizimawakhalira. Amati ukaika ndalama patebulo, wosauka adzapereka thupi lake chifukwa cha njala, ndipo mawu oti "mwakufuna kwake" adzakhala opanda tanthauzo. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo n'chifukwa chake chipepesocho chiyenera kukhala chofanana ndi zimene munthu wataya, osapitirira: thumba la ufa la sabata imodzi, mafuta ophikira, ndalama ya minibasi. Kumeneko si kugula munthu, ndi kumubwezera zake. Amene amapita ku misonkhano yokambirana za Edzi m'mahotela a kunyanja amalandira alawansi ya tsiku ndi ndalama yoyendera, ndipo palibe amati agulidwa. Chifukwa ninji chikumbumtima chathu chimadzuka pokhapokha pamene wolandirayo ndi wakabaza? Ngati tikufuna kuteteza ufulu wa munthu wosankha yekha, tiyang'ane kwina: mchitidwe wolipira okopa anthu molingana ndi mitu imene abweretsa. Umenewo ndiwo umapangitsa munthu kubisa za ululu, kufupikitsa uphungu, ndi kunyamula mwana wa mwini makolo ake asanamvetse bwino.

Ngakhale popanda ndalama, kalendala yokha ingathandize. Mlimi ali ndi mpata akakolola, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, imenenso anthu ambiri amakhulupirira kuti bala silivuta kupola. Msodzi ali ndi mpata boma likatseka nyanja kuti nsomba ziswane. Eni minda ya tiyi, ya nzimbe ndi ya fodya atha kupereka masiku olipiridwa kwa antchito awo monga amachitira munthu akadwala. Chipatala chotsegula Loweruka ndi madzulo, chokhala ndi tsiku la abambo okhaokha, chimaona nkhope zimene chipatala cha Lolemba m'mawa sichidzaziona.

Funso lachiwiri la alamu anga ndi lovuta kuposa loyamba, chifukwa thumba la ufa silingalithetse. Taganizani bambo wapabanja akulowa m'nyumba n'kunena kuti, "Mayi a ana, ine ndikufuna ndikadulidwe kuti ndidziteteze ku kachilombo." Mayiyo aika mthiko pansi n'kufunsa kuti, "Mudziteteze kwa ndani? Ine mwandiona ndi chiyani? Kapena kuli kwina kumene mukupita?" Uthenga wathu wonse tidaumanga pa HIV, ndipo m'banja uthenga umenewo umamveka ngati kuulula mlandu kapena kuneneza mnzako. Mnyamata wosakwatira alibe womufunsa. Bambo wapabanja amaona kuti kuli bwino kukhala chete kusiyana ndi kuitana ankhoswe pa nkhani imene sadalakwe.

Pamwamba pake pali masabata 6 osagonana, bala lisanapole bwinobwino. M'nyumba ya chipinda chimodzi, pamphasa imodzi, imeneyi si nkhani ya mwamuna yekha. Mayi amene sadafunsidwe, amene wangoona bambo akubwera akuyenda chotang'adza, alibe chifukwa chothandizira. Ena amaopa kuti mwamunayo akachira ayamba kuyendayenda podziona ngati wavala chishango. Amuna nawonso amaopa kuti masabata amenewo mkazi ayang'ana kwina. Ndipo apa pali ngozi yeniyeni imene sitiyenera kuibisa. Kafukufuku wa ku Rakai pa abambo amene adali kale ndi kachilombo adaonetsa kuti mdulidwe wawo sudateteze akazi awo, ndipo kubwerera kumphasa bala lisanapole kunkaoneka kuti kukuwonjezera chiopsezo kwa mayiyo. Mayi amene sadamve zimenezi kuchokera pakamwa pa namwino sangathe kunena kuti, "Bambo, dikirani kaye."

Chodabwitsa n'chakuti mayiyo ali ndi phindu lake lalikulu limene sitimalitchula mokwanira. Abambo odulidwa amatenga mocheperako kachilombo kena kopatsirana pogonana kotchedwa HPV, ndipo ku Rakai komweko adapeza kuti akazi awo nawonso ankapezeka nako mocheperako. HPV ndiye amayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi imapha amayi ambiri zedi pa dziko lonse. Ndi mabanja angati amene sadaikepo mayi, azakhali kapena mlongo chifukwa cha nthenda imeneyi, atataya magazi miyezi yambiri akuyenda m'zipatala ndi kwa asing'anga? Bambo wolowa m'nyumba n'kunena kuti "ndikufuna ndichepetse mpata woti inu mudwale khansa" akuyamba nkhani yosiyana kotheratu ndi uja wonena za kudziteteza yekha. Onse awiri akunena zoona, koma mmodzi yekha ndiye adzadya nsima mwamtendere usiku umenewo.

Ndipo kudziletsa kwa masabata 6 si chinthu chachilendo pakati pathu. Makolo athu ankadziwa kudika. Mwana akabadwa, pamudzi pakagwa maliro, mwana akakhala kuchinamwali, bambo ndi mayi ankagona moyang'ana kosiyana poopa mdulo, ndipo palibe ankati ukwati watha. Lero achipatala amalangizanso mayi amene wangobereka kuti apume pafupifupi masabata 6 omwewo. Nthawi imeneyo ndiyo ya bambo. Palibe wofunsa kuti "chifukwa chiyani lero", palibe wodandaula kuti akumanidwa, onse awiri akupola limodzi. Tidakwanitsa kukopa abambo ambiri kuperekeza akazi awo kusikelo ya amayi oyembekezera kuti akayezetse magazi limodzi. Pa benchi yomweyo, mayi ali pambali pake, ndi pamene nkhani ya mdulidwe iyenera kuyambira, n'kupangana tsiku.

Za mtundu ndi chipembedzo nazo n'zolemera. Mchewa wa ku Dowa, Mtumbuka wa ku Rumphi, Mngoni wa ku Mzimba adakula akudziwa kuti kudula ndi kwa Ayao, kwa Alhomwe ena, kwa Asilamu. Mchewa umuna wake adautenga kudambwe, ndipo kumuuza kuti pali china chimene chikuperewera pathupi pake kuli ngati kunyoza atsibweni ake onse. Ena amaopa kuti kumadzi anzawo adzati walowa Chisilamu. Uthenga uliwonse wonena kuti wodulidwa ndiye mwamuna weniweni, waukhondo, wotsogola, umabaya anthu amenewa pamtima n'kuwalimbitsa khosi. Kumbali inayi, mafumu ndi angaliba a ku Machinga ndi Mangochi nawo adali ndi dandaulo lawo: jando si lumo lokha, ndi mwambo wolera mwana, ndipo chipatala chimaoneka ngati chikudzawalanda. M'madera amene adagwirizana kuti wachipatala adule, mwambo upitirire kundagala, mkangano udachepa.

Maiko ena adadutsa pamtsinje womwewu. Aluo a ku Kenya sankadula, ndipo nkhaniyi kwa iwo idali ya ndale ndi ya ulemu wa mtundu, poti mitundu ina inkawanyoza nayo. Mu 2008 Raila Odinga, Mluo mnzawo yemwe panthawiyo adali nduna yaikulu ya dzikolo, adaima pamaso pa akuluakulu a mtundu wake n'kuwalimbikitsa kuti alole mdulidwe wa kuchipatala chifukwa cha moyo wa ana awo, ndipo chigawo cha Nyanza chidakhala chimodzi mwa zigawo zimene ntchitoyi idayenda bwino kwambiri mu Africa muno. Mu 2009 mfumu ya Azulu, Goodwill Zwelithini, idalengeza kuti mdulidwe, umene mtundu wake udausiya m'nthawi ya Shaka, ubwerere, koma uzichitidwa ndi achipatala. Onse awiriwa sadauze anthu awo kuti atengere mtundu wina. Adati ichi ndi chathu, tachisankha tokha. Mawu otere atamveka ku Kulamba, ku Umthetho kapena ku Gonapamuhanya, kuchokera kwa bambo waimvi wonena za thupi lake lomwe, angalemere kuposa zikwangwani zonse za mumsewu wa M1.

Za ululu tizinena zoona. Jekeseni ya dzanzi imawawa. Dzanzi likatha madzulo, bala limawawa. M'bandakucha thupi likadzuka lokha, ulusi umakoka, ndipo masiku oyambawo munthu amauona usiku kutalika. Mapanado amathandiza, ululuwo umatha, ndipo mavuto aakulu ndi osowa ngati wodulayo ndi wophunzitsidwa ndipo munthu akutsatira malangizo, osathira mankhwala achikuda kapena phulusa pabala, zimene zingabweretse kafumbata. Koma amene amauza abambo kuti "simumva kanthu" amawononga ntchito ya chaka chonse, chifukwa bambo mmodzi wonamizidwa amakafotokozera abambo 20 pamalo omwera tiyi. Palinso njira ya mphete yotchedwa ShangRing, imene WHO idaivomereza mu 2015, yosafuna kusoka ndipo imachotsedwa pakatha masiku 7. Munthu wamkulu ayenera kuuzidwa njira zonse zimene zilipo kuti asankhe. Ayeneranso kuuzidwa kuti kuyezetsa magazi amalimbikitsidwa koma sakakamizidwa, chifukwa ambiri chimene amathawa pakhomo paja si lumo, ndi kapepala ka zotsatira. Ngati sakufuna kugwiridwa ndi namwino wamkazi, makamaka wa msinkhu wa mwana wake, apatsidwe mwamuna popanda kumuseka. Ndipo akafunsa kuti khungu lija mupita nalo kuti, ayankhidwe mwaulemu kuti limatenthedwa pamodzi ndi zinyalala zina za kuchipatala, ndipo ngati akufuna aonetsedwe malo ake. M'dziko limene mu 2017 anthu adaphedwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo chifukwa cha mphekesera za anamapopa, funso la kumene chiwalo cha munthu chikupita si lochitira nthabwala.

Pali ena amene akuti nthawi ya mdulidwe idapita. Amaloza kafukufuku wa HIV wa m'dziko lonse lino wotchedwa MPHIA wa 2020 mpaka 2021, amene adapeza kuti akuluakulu okhala ndi kachilombo atsika kufika pa 8.9 pa 100 alionse, ndipo mwa amene akudziwa kuti ali nako, pafupifupi onse ali pa ma ARV ndipo kachilombo kadagonja m'magazi mwawo. Munthu wotere sapatsira mnzake. Kulinso mankhwala omwa ndi obaya otetezera amene alibe kachilombo. Zonsezi n'zonyaditsa, kwa dziko limene ma ARV aulere adayamba mu 2004 anthu akufa ngati ntchentche. Koma kafukufuku yemweyo adati chaka chilichonse akuluakulu pafupifupi 20,000 ankatengabe kachilombo, ndipo amene amatsalira m'mbuyo pa kuyezetsa ndi abambo omwewa. Komanso njira zonse zatchulidwazi zimafuna kuti botolo lidzazidwenso mwezi ndi mwezi, jekeseni ibwerenso, sitima ifike padoko, wina kutsidya kwa nyanja asaine cheke. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, tonse tidaona momwe zinthu zotere zimagwedezekera pa sabata imodzi. Bambo amene adadulidwa mu 2014 sadataye kalikonse tsiku limenelo. Chitetezo chake sichidikira saini ya munthu, ndipo adzakhala nacho mpaka kumanda.

Koma khomo lolowera ku chitetezo chimenecho ndilo lidali m'manja mwa alendo. Matenti, magalimoto, zipangizo, malipiro a okopa anthu, zambiri zidali za thandizo lakunja, ndipo ntchito zopewera matenda ndizo zidayamba kugwa. Kulamula vumbwe n'kulinga uli ndi nkhuku, ndipo ife pa nkhaniyi nkhuku tidalibe. Chimene tili nacho ndi madokotala aang'ono ndi anamwino ambiri amene adaphunzitsidwa kale ntchitoyi, zipatala za m'maboma, zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, ndi alangizi a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse m'mudzi. Unduna wa Zaumoyo ndi National AIDS Commission ayenera kuika mdulidwe wa abambo akuluakulu mu bajeti ya dziko lino monga ntchito ya tsiku ndi tsiku ya chipatala, yosadikira kampeni, ndipo aphungu a nyumba ya malamulo azifunsa chaka ndi chaka kuti odulidwa a zaka 25 kupita m'mwamba ndi angati, osangolandira chiwerengero chimodzi chophatikiza onse. Ndalama ikachepa, ndi bwino kudula abambo ochepa a msinkhu woyenera, ndi thumba lawo la ufa, kusiyana ndi kuthamangitsa mitu.

Mlongo wanga uja ndi woyembekezera, ndipo akuyembekezeka kuchira mu Juni. Nditapitanso pa Lunzu ndidawatchulira alamu za nthawi ya kudika ija, mlongo wanga ali pomwepo akusenda nandolo. Iye ndiye adayamba kuyankha: "Achimwene, ngati zikuthandiza pa khansa ija idatenga azakhali, apite. Chimanga chikhala chili m'nkhokwe." Alamu adakhala chete kanthawi, kenaka adati: "Sabata imodziyo njinga ndingamubwereke mphwanga, tizigawana. Koma mukandifunsire kaye kumene akuchitira masiku ano, chifukwa tenti ija sidabwerenso." Ndafunsa m'zipatala ziwiri. Kwina adati zipangizo zidatha. Kwina adati ndidzabwere Lachinayi, wamkulu wake akadzakhalapo.